Kapepala ka Mayi a Jin-ho

"Mwalembapo chiyani, mayi a Jin-ho?" anafunsa a Gu Man-sik, akazi awo akumangirira kapepala pachimulu cha nthambi za paini ndi udzu chimene chinaimikidwa pamchenga wa kunyanja mumzinda wa Busan, pachikondwerero cha mwezi.

"Zopempha kwa mwezi saulula, bambo inu."

"Zaka makumi anayi tili limodzi, lero mwayamba zinsinsi?"

Mtima wa a Man-sik sunakhazikike. Kwa miyezi itatu mayiwo ankachoka Lachiwiri lililonse atatchena, n'kubwerako osanena kumene anali. Ng'oma zitayamba, anthu maso ali kwa ovina, bambowo anazemba, nathothola kapepalako n'kukabisa m'thumba la jekete.

Mwezi wathunthu woyamba wa chaka utangotuluka m'nyanja, akuluakulu anayatsa chimulucho. Moto unalilima, mapepala zikwizikwi ananyeka, utsi n'kukwera ndi zopempha za anthu onse. Mayi a Jin-ho anawerama katatu, manja ali pamodzi.

"Basi, chapita," anatero akumwetulira. "Lero ndigona tulo."

A Man-sik anayang'ana kumbali, natambasula kapepala kaja pakuwala kwa moto. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata zilembo: "Chotupa chimene adokotala andipeza nacho chipsere pamoto uno. Bambo a Jin-ho asadziwe, mtima wawo ndi wofooka."

Anathamangira kumotoko kapepala kali m'manja, koma wapolisi woyang'anira chingwe chotchingira anthu anawagwira mkono.

"Agogo, bwererani, mupsa! Mwachedwa. Mudzamangirire chaka chamawa."