Shedi ya a Macdonald Inatseka Ngalande

Panali munthu wina pa Dedza boma, a Macdonald, mphunzitsi amene anapuma pa ntchito ataphunzitsa zaka zambiri ku Bembeke. Amene anandiuza nkhaniyi amapemphera nawo mphakati umodzi, ndipo akuti ndi yoona.

Atapuma anagula kagalimoto kakale koti azipitira kumunda ku Lobi. Nkhungu ndi mvula zinayamba kukagwiritsa dzimbiri, ndiye anaganiza zomanga shedi kutsogolo kwa nyumba.

Akazi awo, a Esitere, anati, "Bambo, muyambe mwapita ku khonsolo ndi pulani. Muno ndi m'tauni, chomanga chilichonse chimafuna chilolezo."

"Mizati inayi ndi malata basi? Ine maofesi ndinatopa nawo. Za penshoni zija ndinayendera zaka ziwiri."

Tsiku lina akugula simenti, munthu wina wa tayi, wonyamula fayilo, anamva zimene ankakambirana ndi wogulitsa. Anati dzina lake ndi Gibson.

"Madala, musavutike. Ine ndimagwira ku khonsolo komweko. Mawa ndikubweretserani pepala lodinda kale."

Pepala linabweradi. A Esitere analiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga munthuyo sabwera kudzaona malo?"

Amisiri anayamba ntchito. Malo anachepa, choncho mizati iwiri anaizika m'mphepete mwa msewu, ngalande n'kuitsira konkire kuti galimoto izilowa bwino. Mmisiri wamkulu anati, "Abwana, madzi ochokera kuphiri amadutsa apa." Iwo anangomuonetsa pepala lija.

Mu Disembala kunagwa chimvula masana. Madzi anatsika kuphiri, anapeza ngalande yotseka, n'kukhotera m'nyumba ya kumunsi, ya a Veronika, mayi wamasiye. Matumba a chimanga ananyowa, mabulangeti ananyowa, khoma la khitchini linagwa. Mwamwayi munalibe munthu.

A Veronika anabwera matope ali m'mawondo. Sanakalipe.

"Aphunzitsi, sindinabwerere ndewu. Tiyeni mukangoona."

Patapita masiku awiri a khonsolo anafika. A Macdonald anatulutsa pepala lawo. Mayi amene ankatsogolera gululo analitembenuza uku ndi uku, n'kuusa moyo.

"Bambo, kwathu kulibe Gibson. Chidindochi n'chabodza, ndipo siinu woyamba kutionetsa. Mwamanga m'malo a msewu, mwatsekanso ngalande. Muphwasule sabata isanathe."

A Macdonald anayesa kuimbira Gibson. Nambala inali itasiya kupezeka.

Konkire ija anaiswa okha ndi nyundo, masiku anayi, odutsa mumsewu akuima n'kumaonerera. Ena mwa iwo anali ana amene anawaphunzitsa kalekale. Atamaliza anakamangira a Veronika khoma. Chimanga chija chinaola, chaka chimenecho banja la mayiyo linadya chogula. Moni a Veronika amayankha, koma pakhomo pa a Macdonald sanapondeponso.

Kenaka a Macdonald anapitabe ku khonsolo. Mayi wa khonsolo uja anatambasula mapu a puloti yawo, n'kuloza ndi cholembera kumbali kwa nyumba.

"Apa pali malo okwanira. Mukanabwera poyamba, tikanakulozerani pomwepa."

A Macdonald anayang'ana pamapupo.

"Ndamva, mayi," anatero.

Fomu anatenga, koma mpaka lero shedi ina sanamange. Akafunsidwa amangoti mphamvu zinatha.

Phunziro: Musanazike mzati m'tauni, ngakhale wa shedi ya galimoto, pitani nokha ku khonsolo, abwere adzaone malo. Chilolezo sachipeza pa shopu ya simenti. Kuyendera mapepala n'kotopetsa, tonse tikudziwa, koma kugumula zimene unamanga wekha n'kotopetsa koposa, ndipo amene amavutika nazo kwambiri ndi mnansi wosalakwa. Tumizirani abale ndi anzanu amene akumanga, awerenge asanagule simenti.