Dikira Nditsirize Tsamba

"Ndinu wakuba, bambo! Munaba mawu a mng'ono wanga!"

M'sitolo ya mabukuyo anthu onse anandicheukira. Anthu pamzere anali atakumbatira buku latsopanolo pachifuwa ngati khanda. Nanenso ndinalawirira kudzaligula, poti kuwerenga ndinadziphunzitsa ndi mabuku a mlembi yemweyu. Ndinalitsegula ndili pamzere wokasainitsa, koma nditafika patsamba 40 ndinachoka pamzere n'kulunjika patebulo pake.

Mlembiyo anaika cholembera pansi. "Mawu ake ati, chemwali?"

Ndinamuwerengera mokweza. Mtsikana ali gone m'chipatala, akupempha madzi. Mkulu wake, maso ali pabuku, akuti, "Dikira nditsirize tsamba." Pomwe amatsiriza tsambalo, wodwala uja anali atasiya kupuma. Ngakhale kapu yathu yothyoka chogwirira ilimo m'nkhaniyo.

"M'chipindamo tinalimo awiri basi," ndinatero. "Amayi sadziwa. Sindinauzepo munthu."

"Anandiuza yekha," anayankha mofatsa. "Amabwera ku ofesi kwanga Lachiwiri lililonse masana, n'kukhala pampando wa pafupi ndi chitseko. Amalankhula motsitsa, ine n'kumalemba."

"Tinamuika m'manda chaka chatha!"

"Achemwali, ngati ndi mlandu pitani nawo kukhoti," anatero mayi wina kumbuyo kwanga. "Enafe tathawa kuntchito." Palibe anaseka.

Mlembiyo sanaphethire n'komwe. "Akamaliza kulankhula," anatero, "amapempha madzi."

Ndinamenya tebulo ndi bukulo mpaka cholembera chinagwa pansi.

"Ndiye mumam'patsa? Kapena nanunso mumamuuza kuti adikire mutsirize kulemba? Ndiyankheni, bambo!"