Msangu wa Nyamalikiti Wokalamba

Padangokhala dambo lina kumene nyama zinkasewera mpira woponya m'dengu lopachikidwa pa mlambe. Mwini timu ya kudamboko anali Njiri. Ali mwana, Njiri ankagwada m'fumbi n'kumaonerera Nyamalikiti akuika mpira m'dengu ngati akungothyola tsamba.

Nyamalikiti atakalamba, mawondo atayamba kulira, Njiri anamupatsa mtengo wonse wa msangu kuti asewereko chaka china. Pusi, yemwe ankagoletsa kuposa onse, anangolandira makoko ogwa pansi.

"Bwana, mtengo wonsewu wa iwo okha?" anafunsa Pusi.

"Iwe unali usanabadwe pamene akuluwa ankagwedeza dambo lino," anayankha Njiri.

Pusi anangosamukira ku timu ya kuphiri.

Tsiku limene matimu awiriwa anakumana, Pusi ankangodutsa pakati pa miyendo ya Nyamalikiti. Mkuluyo akamati atembenuke, mpira unali utalowa kale m'dengu. Njiri anadikirabe kuti aone zakale zija, koma masewero anatha asanazione.

Atagonja, Njiri anakapeza Nyamalikiti akubzikula pansi pa msangu uja.

"Akulu, inu munkadziwa kuti miyendo yatha. Bwanji simunakane?"

"Mukadzakalamba wina n'kukupatsani mtengo, inuyo mudzakane," anatero Nyamalikiti mofatsa. "Amene munamulipirayo ndi Nyamalikiti uja munkamuonerera muli mwana. Nanenso lero ndamufunafuna m'bwalomo, koma sindinamupeze."

Njiri anagwada m'fumbi monga kale, koma ulendo uno ankatola makoko.