Njoka za a Nyirenda

"Kopelani nonse, a ku Mwase, a ku Kasungu, aliyense!" anakuwa Haswell, akuzunguza m'mwamba katoni yomwe anajambulapo masewera a njoka ndi makwerero.

Mkazi wake Linah anamukoka malaya. "Mwapenga? Azilipila!"

"Iyayi. Ajambule, asinthe, agulitse. Koma pansi alembe kuti njoka izi ni za Haswell Nyirenda."

Dzinja lisanathe, njoka zake zinali paliponse, zina atazivekanso zipewa. Haswell ankangovina. Pa makatoni ake okha ndi pomwe sankalemba dzina, poti ankati aliyense akumudziwa.

Tsiku lina Haswell akupenta njoka zake pamsika wa Lundazi, mayi wina wamalonda wochokera ku Kasungu anaima n'kuyang'anitsitsa.

"Bambo, dzina la a Nyirenda lili kuti? Munthu wakupatsani ulere, inu n'kumubera dzina? Manyazi mulibe?"

Linah anati ayankhe, koma Haswell anamutsina. Kuseka kukumutsamwitsa, anaviika burashi n'kulemba dzina lake bwinobwino.

"Ehee," anatero mayiyo. "Komabe njoka zanuzi n'zoonda. Mukaone za eni ake."