Mizere Inayi Yochonga

Mwamva za Tithokoze, mwana wa Mayi Kalekeni ku Wimbe kuja? Pa mjigo nkhani inali imodzi: akuti ku yunivesite anapitira sayansi, koma wabwerako ndi zina. Ponena "zina" pamenepo, anthu amangoloza pamimba ndi maso.

Nanga mukanawatsutsa? Anzake pa holide ali yakaliyakali kumsika, iye m'mawa uliwonse ulendo wa m'chigafa, kukakhala pansi pa fodya n'kumalankhula yekha. Kudya kongolawa. Lachiwiri atathandizako kuthyola fodya wa mame, anakasanza kuseri kwa khola. Foni akuti inabedwa m'minibasi. Eee, akuti!

Mayi Kalekeni mtima sunali m'malo. Si iwowa anaimirira pa Mvano wa amayi kutchalitchi n'kunena kuti mwana wawo chiyambire sanalepherepo kanthu? Ndiye Lachitatu, mwana ali kosamba, anapisa m'chikwama mwake n'kutulutsa pepala limene amayenda nalo paliponse. Chingerezi iwo sachitha, koma kuwerenga zinthu ndi chala amadziwa. Mizere khumi ndi iwiri, ndendende miyezi ya pachaka. Inayi yoyambirira yochonga ndi bolopeni yofiira. Kuseri tizilembo tothinana, ndi chojambula chopindika ngati nyemba, kachingwe katatulukira pakati.

Anapinda pepala lija n'kulimanga kunsonga ya chitenje.

Mukanaona mmene Tithokoze anagubuduzira nyumba! Mphasa, matumba a feteleza, mpaka m'zikuni.

"Amayi, simunandionereko pepala langa? Ine ndatha!"

"Pepala lanji?"

Mwana anayang'ana pansi. "Basi, la kusukulu."

Masiku atatu akungolira, mabuku ali mbwee, akutsegula ili n'kulitseka, kutsegula lina. Kwa mayi ake kulirako kunali kuvomera. Anabwereka foni kwa aneba n'kuimbira malume ake a Tithokoze ku Santhe kuti Lamulungu abwere, mwanayu adzatchule mwamuna wake pamaso pawo.

Koma kudikira Lamulungu kunawakanika. Loweruka masana anaona Vera, mlangizi wa zaumoyo, akudutsa pa njinga. Anamukodola, n'kumukokera m'chigafa, kutali ndi makutu a anthu. Anamasula mfundo ndi manja awo akuda ndi phula la fodya n'kumupatsa pepala lija.

"Mwana wanga, tandiwerengera, koma motsitsa. Usandibisire. Yafika inayi, eti? Mwini wake walembedwapo?"

Vera anawerenga, natembenuza pepala, nawayang'ana.

"Mwakhala nalo kuyambira liti?"

"Lachitatu."

"Mayi inu! Chojambulachi si mwana, ndi impso. Mizereyi ndi zimene aphunzitsi ake anati azidziwe pa phunziroli, kuseriku walemba masamba a m'mabuku pomwe zili, ndipo akamvetsa mzere ndiye amachonga. Pansipa akuti mayeso obwereza Lolemba, akalepheranso amuchotsa sukulu. Yatsala mizere isanu ndi itatu."

Kukhonde kunkamveka Tithokoze akufwenthera. Nanga inu mukanakhala Mayi Kalekeni, pepalalo mukanakamubwezera ndi mawu oti chiyani?