Pomwe Pali Khola

Foni inaduka patangopita mphindi zochepa Luke atanena kuti galimoto yamufera m'mapiri a m'chipululu ku America, madzi atha.

Bambo ake, a Shadrick, ankangozungulira m'khitchini kunyumba kwawo ku Tottenham, kutsidya lina la nyanja.

"Mwamuuza chiyani, adadi?" anafunsa Melissa, mlongo wa Luke, akufufuza malowo pa mapu a pa laputopu.

"Akuti akuona khola la ng'ombe patali. Ndamuuza asiye galimoto, apite. Kwathu, pomwe pali khola pali munthu. Ukangoti odi, akupatsa madzi."

Melissa anakuza chithunzi cha kholalo. Denga linagwa kalekale.

"Ndi bwinja ili, adadi. Eni ake anasamuka inu musanabadwe. Ndipo opulumutsa amayamba kufufuza pomwe pali galimoto."

A Shadrick anaimbanso foni, koma sinalowe. Luke anali asanawamverepo chibadwire. Lero anawamvera.