Galimoto ya Zitseko Zinayi

"Kwerani, a Sulemani, dzuwali laswa mtengo," anatero Abednego ataimitsa galimoto yake potulukira m'tauni ya Mangochi.

Sulemani, makaniko amene ankaikonza galimotoyo kuyambira ili yatsopano, anatula bokosi lake la masipanala n'kutchera khutu ku injini.

"Ikulirabe bwino," anatero. "Ajeremani amene anaipanga ndi akathakati. Anatenga injini ya galimoto zampikisano, ya masilinda sikisi, n'kuibisa m'galimoto ya zitseko zinayi, kuti bambo azithamanga banja lake lili kumbuyo."

Abednego anali atangotuluka kundende, komwe anakhalako zaka zitatu osazengedwa mlandu, wina atakamunenera kuti amanyoza chipani. Anapeza mkazi wake atabwerera kwawo ku Mulanje ndi ana onse. Miyezi iwiri chitulukireni, panalibe amene anali atakwerapo galimotoyo, ngakhale odwala opita kuchipatala.

"Mwalowera kuti?" anafunsa Abednego.

"Ku Makokola. Injini ya boti la a Bakali yafa, ndipo akufuna kulowa m'madzi lero lomwe."

"Pa galimotoyi sitidya mphindi makumi awiri. Tiyeni, tizikacheza m'njira. Ndalakalaka kulankhula ndi munthu."

Sulemani anaponya maso kutsidya kwa msewu, kumene anyamata a malaya ofiira ankaimitsa anthu n'kumawafunsa makadi a chipani. Mmodzi mwa iwo anali akuwayang'ana. Makanikoyo anasisita boneti ndi chikhatho, kenako ananyamula bokosi lake n'kuliika paphewa.

"Pepani, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Lero ndili pachangu."

Anauyamba ulendo wapansi.